Mkate Womangidwa ndi Waya

Pasig, 6 Malichi 1994

Okondedwa amake Dencio,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mwana wathu Nening, ndiponso kuti bondo lija lakupatsaniko mpata. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa ka fumbi la simenti kamene mukukadziwa kale. Dencio ali bwino, akudya, ndipo kapitawo wayamba kumusiyira khoma lakelake.

Chitini cha mikate yanu ya muron chimene munapatsira msuweni wanu Ikoy chinafika Lachinayi. Ndinawerenga mikate makumi atatu. Inu munalemba kuti makumi atatu ndi isanu, koma ulendo wa pa basi kuchokera ku Abuyog ndi wautali ndipo Ikoy ndi munthu, choncho tisaitengere patali. Nditamasula tsamba loyamba, fungo la koko ndi kokonati linadzaza msasa wonse, moti anthu amene anali atagona anadzuka ngati aitanidwa maina.

Mumsasa muno aliyense anabwera ndi chilumba chake m'kamwa. Berting wa ku Bohol anadya iwiri, ananyambita tsamba, kenaka anati kwa ine, "Pare Ponyong, mnzanga, mkatewu ndi wabwino, koma ndi wa ana. Kwathu kalamay timamutakasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ukapisamo chala umachita kuchinyengerera kuti chibwerere."

Isko wa ku Cebu anati, "Kuthira phala m'chigoba cha kokonati n'kumata kapepala kofiira, ndiye mwati mwaphika? Mkate ndi budbud wathu wa mawere."

"Mawere kwathu timadyetsa mbalame," anatero Berting.

"N'chifukwa chake mbalame za kwanu zili ndi nzeru kuposa eni ake."

Ndinangoona kuti onse otsutsawo manja awo anali m'chitini changa.

Ndatumiza mapeso 1,800. Pa ndalamayi 300 ikhale ya nsapato za Nening, 250 ya madeya a nkhumba, yotsalayo muona nokha. Denga la kukhitchini musalole Ikoy akwerepo, amakhoma misomali m'ngalande za malata. Lidikire ine.

Kanthu kena. Dencio anatenga mikate inayi n'kutuluka nayo, ndipo anabwerako chimanjamanja akununkha utsi. Pageti pa malo athu a ntchito pali mayi wina amene amagulitsa tupig, mkate wootcha uja wa anthu a ku Ilocos. Mwana amene kwathu ankakana mpunga ukangopserera pang'ono, tsopano madzulo aliwonse akudya zamakala. Sindinamufunse. Ndikuyang'anabe.

Ndine mwamuna wanu,
Sofronio

Pasig, 10 Epulo 1994

Okondedwa amake Dencio,

Moni kwa inu ndi Nening. Ndakondwa kumva kuti nkhumba ikunenepa. Ife tili bwino, tafika pansanjika yachitatu.

Za utsi zija ndazipeza. Ndi mtsikana, dzina lake ndi Zeny Pascua. Masana amasoka malaya kufakitale, madzulo amakupiza moto wa mayi ake pageti. Ndi mwana wofatsa, wa manja achangu, ndipo akamaseka amabisa nkhope paphewa. Mayi akewo ndi Manang Saling, a ku Currimao ku Ilocos, amuna awo anamwalira. Ndi mayi wamng'ono thupi, wosalankhulalankhula. Ali ndi mano oikirira oyera mbee amene anagula ndi ndalama ya tupig, ndipo amawanyadira ngati mmene inu mumanyadira makina anu osokera.

Ndinapita Lamlungu lapitalo ngati wodutsa chabe. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti, "Inu ndinu bambo a mnyamata amene amagula tupig umodzi n'kuudya ola lathunthu?"

Ndinati ndine.

"Muuzeni azigula iwiri. Benchi langa likutha."

Anandipatsa umodzi wotentha, ndipo ndinadya chifukwa cha ulemu. Wachiwiri ndinadya kuti ndione ngati woyamba uja unakoma mwangozi. Kunja tsamba limakhala bii, koma mkati ndi mofewa, muli timizere ta kokonati wanthete ndi kautsi pang'ono. Mtengo wake mapeso awiri. Sindikunena kuti ukuposa wanu. Ndikungonena kuti si makala monga timamvera.

Mikate inayi ija amene anaidya ndi Zeny, yonse, ataimirira kuseri kwa mpanda. Mayi ake anangopeza masamba. Kuyambira tsiku limenelo mwanayo sakamba china koma muron wa mayi a Dencio, mmene woyera ndi wakoko amapotanirana, mmene umasungunukira pa lilime. Manang Saling anandiuza kuti, "Ndamva kuti akazi anu ali ndi dzanja. Ine ndinangonunkhiza tsamba ngati galu." Ndinati simunamve bodza, m'Abuyog monse ukwati sukoma popanda muron wa Eufemia Caindoy. Mwina ndinalankhula mopitirira, koma munthu akakhala kutali amatama zakwawo.

Tsopano nayi nkhani. Dencio akufuna tikaonekere kwa makolo a mtsikanayu, tikakwere makwerero awo ndi chakudya m'manja monga mwa mwambo. Anandiuza tikusamba m'manja pampopi, maso ali pansi. Anati, "Tatay, mulembe ndinu. Ine ndikalemba, Nanay ayankha ndi chikwanje." Ndiye ndalemba. Muiganizire modekha, makamaka mutadya kaye.

Ndatumiza 1,600. Yachepa chifukwa Sabata Loyera sitinagwire masiku atatu. Mankhwala a bondo mugule a m'botolo, a m'pepala aja sakuthandizani.

Ndine mwamuna wanu,
Sofronio

Pasig, 8 Meyi 1994

Okondedwa amake Dencio,

Ndikhulupirira muli bwino. Ife tili bwino, kungoti kukutentha moti malata a msasa amalira okha masana.

Kalata yanu ya masamba anayi ndinailandira. Dencio ndinamuwerengera mbali ya nkhumba yokha, koma iye anaona kuti masamba ndi anayi pamene nkhumba inatenga mizere iwiri. Anangotuluka.

Mwati anthu a ku Ilocos ndi ouma manja, amawerenga ndi machesi omwe. N'zoona kuti Manang Saling amazimitsa khala lililonse lotsala n'kulisunga. Koma pamene Isko anadwala malungo, mayi yemweyo anamuphikira phala sabata yonse osalipiritsa. Mwati adzatitengera mwana kumpoto, kumene ngakhale moni wawo sitimumva. Ana amakambirana m'Chitagalog, ndipo akumvana kuposa mmene ine ndimamvanirana ndi Ikoy m'chilankhulo chathu chomwe. Mwatinso zidzukulu zanu sizingakulire mikate yopserera. Koma zidzukuluzo sizinabadwe, tisaziyambire mlandu.

Mawu akuti simukwera makwerero a anthu amenewo ndawamva. Sindinawapereke monga munawalembera. Ndinauza Manang Saling kuti bondo likukuvutani, ndipo limenelo si bodza. Iwo anatembenuza tupig pamoto n'kunena kuti, "Kwathu mwana sitipereka kwa bambo yekha. Bambo amavomera chilichonse. Ngati mayi sangathe kubwera, libwere dzanja lawo. Ndilawe muron uja, ndidziwe kuti mwana wanga akamulandira."

Choncho ndikukupemphani, amake Dencio. Simukufuna kubwera, chabwino. Tumizani chitini chimodzi. Ikoy akubwera kumapeto kwa mwezi uno ndi katundu wa sitolo ija, ndipo ngati angachedwe mpaka sabata yoyamba ya Juni zingakhale bwino koposa kuti mkate usagone nthawi yaitali. Tsiku lokaonekera tagwirizana Lamlungu pa 12 Juni. Mlongo wawo wamkulu wa Manang, Manong Ambo, adzachokera ku Ilocos kudzalankhula m'malo mwa malemu.

Ndatumiza 1,900. Pamenepo 200 ndi ya koko, shuga ndi mpunga womata. Ndailemba padera kuti musaisakanize ndi ya madeya.

Ndine mwamuna wanu,
Sofronio

Pasig, 29 Meyi 1994

Okondedwa amake Dencio,

Moni. Ndikhulupirira mvula yoyamba sinalowe kukhitchini. Ine ndili bwino. Dencio ali bwino m'thupi.

Ikoy anafika dzulo ndi katoni. Anthu a mumsasa anaizungulira ngati pali maliro. Ndinapezamo nsomba zouma, buluku langa lakale limene mwaika chigamba, ndi envulopu ya mapeso 200 aja. Ndinaisanthula mpaka pansi. Berting anaitembenuza n'kuigogoda. Chigambacho mwasoka bwino, zikomo.

Dencio anaimirira pakhomo akuonerera. Madzulo anandipeza ndikutsuka zipangizo n'kunena kuti, "Tatay, ngati Nanay sakufuna, tikalembetsa ukwati ku ofesi ya mzinda. Khirisimasi ndikadyera ku Ilocos. Chaka chamawanso chimodzimodzi." Sanakweze mawu. Ananena mmene mumanenera inu mukatsimikiza, uku akupinda malaya. Mwanayu mphuno anatengera ine, koma mutu ndi wanu. Ine ndili pakati ngati njerwa yapangodya, makoma awiri onse atsamira pa ine.

Sindikufuna kudzafika ku Abuyog mu Disembala ndili ndekha, inu n'kumayang'ana kumbuyo kwanga ngati basi yatsitsanso wina. Ndangonena zimenezo basi.

Pali kanthu kena kakang'ono. Anzanga kuno amakonda kukangana za kuphika, ndiye ndimafuna kungodziwa. Pa kilo imodzi ya mpunga mumathira shuga wochuluka bwanji? Nanga koko mumathira poyamba kapena pomaliza? Masamba mumawatani kuti asang'ambike? Si kanthu, ndi nkhani za mumsasa. Mukayankha msanga zingathandize kuthetsa mkangano.

Mwezi uno ndatumiza 1,500. Ina ndaisunga pa ntchito ina imene ndidzakufotokozerani. Nening azipita kukalembetsa sukulu msanga, asadikire tsiku lomaliza.

Ndine mwamuna wanu,
Sofronio

Pasig, 19 Juni 1994

Okondedwa amake Dencio,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwakhala pansi. Ngati mwaimirira, khalani. Ife tonse tili bwino, palibe amene wavulala kwenikweni.

Yankho lanu lakuti womanga nyumba azifunsa za mchenga ndinalilandira. Ndikulemba msanga kuti nkhaniyi muimve kwa ine Ikoy asanaikometsere.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikukupalirani kokonati, ndiye ndinkaganiza kuti zotsalazo maso anaona. Loweruka titaweruka masana ndinabwereka chiwaya chachikulu kwa mayi wa kantini. Ndinkakuonani mukusakaniza mpunga womata ndi mpunga wamba, ndipo nthawi zonse ndinkayesa kuti mumatero populumutsa ndalama. Ndinati, tikupita kwa anthu amene timawanena kuti ndi ouma manja, tisakapezeke ouma manja ndife. Ndinagula womata wokhawokha, makilo asanu pa mapeso 24 kilo, n'kukagayitsa mumsika.

Berting anapala thabwa kukhala mthiko, anavula malaya n'kunena kuti, "Pare, kutakasa ndi kwa anthu a ku Bohol. Iwe uziona moto." Patapita kanthawi ndinati zikuoneka ngati zapsa, kwathu amaphula zikadali zofewa. Iye anati, "Kwanu amaphula chifukwa akazi amatopa. Chikapsa, mthiko umaima wokha." Anatakasa mpaka dzuwa linapendeka. Mthiko unaimadi wokha. Kuuzula tinagwira awiri.

Kupota woyera ndi wakoko, kumene inu mumachita ndi zala mukucheza, ife tinachita ngati tikupota chingwe cha ngalawa, wina uku wina uko. Masamba ankang'ambika, ndiye tinkakulunga awiriawiri. Ulusi unaduka katatu. Isko anati, "Amuna inu, waya womangira zitsulo uli apa mulu, mukuvutikiranji?" Tinamanga ndi waya, mbali zonse ziwiri, n'kupotokola ndi pulayala. Kunena zoona inaoneka bwino, yofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Titaiphika, Isko analawa umodzi. Munthu amene salekeza kulankhula ngakhale kutulo anakhala chete madzulo onse. Tinati wagonja, budbud wake wachepa.

Lamlungu tinakwera makwerero a Manang Saling, ine, Dencio, ndi Berting atanyamula chitini. Ndi kachipinda kamodzi kapamwamba, koyera bwino. Manong Ambo ndi bambo wamtali, wogontha khutu limodzi. Atatilandira, Manang anafunsa kuti, "Mkatewu ndi uja?" Dencio anandiyang'ana. Ndinati, "Ndi muron wa banja lathu la ku Abuyog." Iwo anamva kuti ndi wanu, ndipo ine sindinawakonze. Pamenepo ndi pamene ndinalakwa kwambiri, ngati tikuwerenga.

Zeny ataona waya anatsegula pakamwa, kenaka anatseka. Berting anatulutsa pulayala m'thumba n'kumasulira aliyense. Tsamba linakana kuchoka, ndiye Manang anangoluma pamene panaoneka.

Nthawi yomweyo Manong Ambo anaimirira n'kuyamba mawu. Anati, "Mlongo wangayu anandiuza kuti popanda mayi a mnyamata iye ali ndi mawu. Tsono Saling, anthu ndi awa. Ngati uli ndi chokana, nena pano."

Manang anali chete. Nsagwada zokha zinkayesa kuyenda.

"Saling, ndati ngati ukukana, nena."

Zii. Maso ali psuu, misozi ikulengeza. Manong Ambo anati, "Taonani, mkate wamukhudza mtima." Anawerama n'kufunsa kuti, "Ndiye ukuvomera?" Manang anali akukoka mkatewo ndi manja awiri, mutu ukupita pansi ndi m'mwamba.

"Wavomera," anatero Manong Ambo. Anandigwira chanza, anagwira Dencio, n'kutsegula botolo la vinyo wa mzimbe wa kwawo.

Tikukweza makapu, mkate unatuluka. Unatuluka ndi mano onse a m'mwamba, ali ndondondo ngati akumwetulira okha. Zeny anathawira kuseri kwa nsalu, sindikudziwa ngati ankalira kapena kuseka. Berting anati kwawo zimenezi zimachitika, kalamay wabwino amadziwika choncho. 

Manowo anawanyika m'madzi ofunda mpaka analekana ndi mkatewo. Manang atawabwezera m'kamwa anati, "Mawu amene mlongo wanga wagwirira chanza sindingawabweze. Ana akwatirane. Koma akazi anu mukawauze kuti asachite manyazi. Si mkazi aliyense anali ndi mayi womuphunzitsa. Akadzabwera ndidzawaonetsa kuyambira poyamba, pang'onopang'ono, adzadziwa."

Ndawalemba monga anawanenera. Mikate yotsala anagawira anthu a m'kanjira kawo konse, kuti nawonso alaweko za asewere awo a ku Leyte. Ikoy analipo m'kanjiramo Lachiwiri, ndipo anyamuka Lachisanu likubwerali.

Ndatumiza 1,700. Pulayala ndi wa kampani, sitinagule.

Ndine mwamuna wanu,
Sofronio

Pasig, 10 Julayi 1994

Okondedwa amake Dencio,

Moni kwa inu ndi Nening. Ine ndili bwino mpaka pano.

Telegalamu yanu yakuti "Ndikubwera usakhudze mpunga" inafika kwa kapitawo, ndipo anaiwerenga pamaso pa anthu onse. Kalata inatsatira pambuyo. Maina amene mwanditchula ndawalandira, ena ndi oona. Zakuti mpunga wamba ndi umene umafewetsa mkate ndazimva tsopano. Womanga nyumba ndinayenera kudziwa kuti simenti yokhayokha popanda mchenga si matope omangira. Zakuti masamba amayamba awambidwa pamoto n'kupakidwa mafuta, zimenezo ndinakufunsani, koma sindikukumbutsa.

Pepani kuti kumsika wa ku Abuyog akukufunsani ngati muron wa ukwati azibwera ndi pulayala wawo. Ikoy ndidzalankhula naye.

Mwafunsa ngati ndinachita dala kuti mubwere. Amake Dencio, mumandidziwa. Nzeru zotero ndikanakhala nazo bwenzi ndili kapitawo. Ine ndinkangofuna kuti mwana asapite ku ofesi ya mzinda.

Tsono za ulendo. Mukwere basi ya Lachinayi pa 21 m'mawa. Mtengo ndi 560, ndatumiza 1,200 kuti ikhale yopita ndi yobwerera ndi tiyi wa panjira. Mukhale kumanzere, pafupi ndi khomo, kuti muzitambasula bondo. Pa sitima yowolokera ku Matnog musatsike msanga, makwerero ake amaterera. Ine ndi Dencio tidzakudikirani ku Pasay Lachisanu. Koko mubwere naye wa kwathu, wa kuno ndi fumbi lofiirira chabe. Masamba a nthochi kuno aliko, koma ndikudziwa kuti mudzatenga a kuseri kwa nyumba ngakhale ndinene. Nening akagone kwa azakhali ake, nkhumba aziipatsa kawiri.

Dencio atamva kuti mukubwera anapita kukametetsa. Zeny akufunsa ngati mumakonda khofi wa shuga. Ndamuuza kuti tsiku loyamba asafunse kanthu, azingopereka.

Pempho langa ndi limodzi. Zimene muli nazo ndi ine, tidzakambirane kuseri kwa msasa, osati pageti.

Mpunga sindinaukhudze.

Ndine mwamuna wanu,
Sofronio

Pasig, 21 Ogasiti 1994

Okondedwa amake Dencio,

Ndakondwa kumva kuti munafika bwino ndipo bondo silinatupe. Ine ndili bwino, khutu limene munalikalipira kuseri kwa msasa lija lasiya kulira. Dencio wanenepa. Zeny akupereka moni kwa Nanay, ndi mmene akukutchulirani tsopano, ndipo ine sindinamuletse.

M'kanjira ka Manang Saling anthu akadakamba za mayi wa ku Leyte amene anatsika basi n'kukwera makwerero ndi chikwama chake osasamba n'komwe, n'kunena kuti, "Ndamva kuti pano pali sukulu, ndabwera kudzaphunzira. Moto uli kuti?" Akadakambanso mmene Manang anachotsera mano n'kuwaika m'kapu asanalawe, inu n'kuwauza kuti, "Bwezerani, mayi. Muron wanga amadya ndi khanda lomwe." Inu munali mutatembenukira kuchiwaya, ndiye simunaone. Ine ndinaona. Anadya inayi, wachisanu anabisa pansi pa mbale.

Ndinaonanso pamene munagwira manja a Zeny pomuonetsa kapotedwe, n'kunena chapansipansi kuti manja ali nawo. Dencio anali pamakwerero, anamva. Anatsika kukaima pampopi nthawi yaitali, akuti m'maso munalowa utsi.

Pali china chimene ndikuuzeni musanachimve kwa Ikoy. Basi yanu itanyamuka, Manang Saling anandiuza kuti, "Asewere, ine ndinadziwa nditangoona waya. Palibe mkazi pa zilumba zonsezi amene angamange mkate ndi waya. Koma mayi ngati ameneyu ukamuitana ndi ulemu sabwera. Umamuitana pomudetsera dzina lake." Ndinafunsa ngati za mano zijanso anachita dala. Anati ayi, zimenezo zinali zenizeni, ndipo limodzi likugwedera mpaka lero. Ndapereka 150 kuti akalikonze. Anaiwerenga kawiri n'kundibwezera 30, akuti yapitirira.

Za tsiku tagwirizana monga munasiyira. Ana abwera nafe ku Abuyog pa Khirisimasi, ukwati pa 14 Januwale kuno ku Pasig. Patebulo padzakhala muron mbali ina, tupig mbali ina. Berting wapempha kuti aikepo kalamay pakati. Ndamuuza kuti alembere inu. Mkate wathu uja unatsala umodzi, tinatchingira chitseko cha msasa kuti chisamenyeke ndi mphepo, ndipo ukugwira ntchito bwino. Nyerere zinabwera, zinazungulira, zinabwerera.

Ndatumiza 1,800. Nkhumba musaigulitse ngakhale wina atchule mtengo wabwino, ili ndi ntchito mu Januwale. Denga ndidzakonza ndikabwera, Dencio adzandigwirira makwerero.

Chomaliza. Pokweza chikwama chanu m'basi ndinamva kuti pansi pake pakutentha, ndipo ndinaona phukusi la tupig, mikate makumi awiri. Munati Manang anakukakamizani ndipo mukapatsa nkhumba. Sindinauze munthu aliyense. Koma Nening walemba kuti nkhumba ikudya madeya okha monga kale, ndipo kuti masamba opserera akuwapeza kuseri kwa makina osokera. Manang akufunsa ngati atumize ina ndi Ikoy. Mundiuze kuti nkhumbayo ikufuna ingati.

Ndine mwamuna wanu,
Sofronio